MCERE PA MPHUMI PA MWANA

M'mene madotolo anapezera gwero la cifuwa cobwera-bwera

Pali matenda amene abwera kamodzi napita. Pali ena amene abwera, nacoka, nabweranso mwezi usanathe, kufikira mai wa mwana adziwa njira ya ku cipatala monga adziwira njira ya ku mpope. Mwana atsokomola, thupi litentha, nthiti zikoka. Dotolo amvera pa cifuwa, nati ndi cibayo, napereka mankhwala. Mwana acira. Patapita masabata atatu ayambanso. Pa ulendo wacinai kapena wacisanu dzina la cibayo silikwaniranso, pakuti funso lotsala ndi ili: bwanji mwana ameneyu yekha, pakati pa anzace akudya naye m'mbale imodzi ndi kugona naye m'nyumba imodzi?

Zifukwa zace nzambiri, ndipo zoculuka mwa izo nzodziwika: utsi wa mbaula m'nyumba yotseka, cifuwa cacikuru, mphumu, kuperewera kwa cakudya, cikuku cimene casiya thupi lofooka, ndi kacirombo ka HIV. Koma iripo nthenda ina ya cibadwa imene inabisala kwa madotolo zaka mazana angapo, ndipo kuilondola kufikira pa muzu wace kunatenga zaka 54, kuyambira 1935 kufikira 1989. Dzina lace ndi cystic fibrosis. Codabwitsa m'mbiri yace ncakuti anawo anali kufa ndi mapapu, koma olondola aja sanapeze mapazi ace m'mapapu. Anayamba kuwaona m'mimba, pambuyo pace pa khungu, ndipo za cifuwa zinamveka pomarizira peni-peni.

Ana olodzedwa a ku Ulaya

Anthu a ku Ulaya anali naco cizindikiro kale-kale, osadziwa tanthauzo lace. M'caka ca 1606 mphunzitsi wina wa za mankhwala ku Alcalá, m'dziko la Spain, dzina lace Alonso y de los Ruyzes de Fontecha, analemba kuti munthu akasisita pa mphumi pa mwana wolodzedwa nalawa zala zace, amva mcere. M'midzi ya ku Jeremani ndi ya ku Switzerland munali cikhulupiriro cofanana naco, cakuti khanda lomveka mcere polipsompsona pa mphumi nlolodzedwa, ndipo silikhalitsa pa dziko. Cikhulupiriro cimeneci cinalembedwa m'buku lina la ku Switzerland m'caka ca 1857.

Azimai akalewo anaona bwino ndithu. Mcere unalipo, ndipo ana anali kufadi. Analakwa pa cinthu cimodzi, popereka mlandu kwa mfiti. Tsoka lace linali lakuti pamene anthu ophunzira anataya mfitiyo, anataya ndi mcere womwe, nauyesa nthano ya nkhalamba. Kucokera pa mau a mphunzitsi wa ku Spain uja panapita zaka pafupi-fupi 350 munthu asanaganize zoupima.

Dotolo amene anamkaniza mpeni

Dorothy Hansine Andersen anabadwa m'caka ca 1901 ku Asheville, m'cigawo ca North Carolina ku Amereka. Atate wace, munthu wocokera ku Denmark, anamwalira mu 1914, ndipo amai wace, amene anadwala nthawi yaitali, anatsatira mu 1920. Mwana wamasiyeyo sanaleke sukulu. Anatsiriza maphunziro a udotolo pa Johns Hopkins mu 1926. Mtima wace unali pa nchito ya opaleshoni, koma ku Rochester, kumene anayambira nchito, anamkaniza malo cifukwa anali mkazi. Tsono anatembenukira ku nchito imene ambiri saikonda, ya kupima mitembo ndi ziwalo zodwala kuti cidziwike cimene capha munthu. Mu 1935 analowa nchito pa Babies Hospital, cipatala ca ana ca sukulu yaikuru ya Columbia, mu mzinda wa New York.

Amene anamdziwa anena kuti sanali kusamala za maonekedwe: tsitsi losapesa, ndudu pakamwa, phulusa pa malaya a nchito. Ku kamunda kace ka ku mapiri anali kupala matabwa ndi kufolera denga ndi manja ace. Koma zimene anaziona pa tebulo lace anali kuzilemba ndi kuzisunga mosamala kwambiri, ndipo khalidwe limeneli ndilo linagwira nchito pa nkhani ino.

Masiku amenewo ana onse a mimba yotupa, miyendo yoonda ndi cimbudzi cambiri ca mafuta anali kuikidwa m'gulu limodzi, la nthenda yochedwa coeliac disease. Mankhwala ace ochuka anali nthoci. Dotolo Sidney Haas wa ku New York komweko anaonetsa mu 1924 kuti ana otere akaleka buledi ndi phala nadya nthoci zakupsa zambiri, ayamba kunenepa. Cifukwa cace cinamveka mu 1950, pamene Willem Dicke wa ku Holland anaonetsa kuti cowadwalitsa ndi tirigu. Nthoci zija zinangotenga malo a buledi. Koma pakati pa ana ambiri ocira panali owerengeka osacira. Anali kudya ndi njala ya munthu wocokera ku munda, osanenepa. Anali kutsokomola kosaleka. Cibayo cinali kuwabwerera kawiri-kawiri, kufikira tsiku lina ciwatenga. Madotolo anali kunena kuti mwana wofooka ndi m'mimba sacedwa kugwidwa ndi cibayo, ndipo nkhani inali kuthera pomwepo. Kunali kulongosola komveka, ndi cifukwa cace panalibe wofunsa kupitirira apo.

Mu 1935 mtembo wa mmodzi wa ana amenewa unafika pa tebulo la Dotolo Andersen. Kuseri kwa cifu kuli ciwalo cacitali, cofewa, cimene madotolo acicha pancreas. Nchito yace ndi kutulutsa madzi ogaya mafuta ndi nyama, amene atsika ndi tinjira ting'ono kulowa m'matumbo. Mwa mwana uja tinjira timeneti tinali totsekeka ndi zinthu zoundana, totupa ngati timatumba, ndipo mnofu wa ciwaloco unali utasanduka zipsera zolimba. Mwa mwana wa coeliac disease yeni-yeni ciwalo ici cikhala cabwino-bwino. Munthu wina akadangolemba kuti waona cacilendo, natseka buku. Iye anayamba kufufuza m'mabuku a mitembo ya zaka za m'mbuyo, ndi kuwerenga zimene madotolo ena analembapo, kufuna ana ena ofanana ndi uyu.

Anawapeza. Mu 1938 anasindikiza nkhani ya ana 49. Ena anafa m'sabata loyamba la moyo, matumbo atatsekeka ndi cimbudzi coyamba comata ngati phula. Ena anafa asanakwane miyezi 6, ena anafika zaka zingapo. Onse anali ndi pancreas woonongeka m'njira imodzi-modzi, ndipo pafupi-fupi onse amene anapitirira sabata loyamba anali ndi mapapu odwala, tinjira ta mpweya todzala mafinya. Dotolo Andersen ananena kuti m'mimba ndi m'cifuwa muli nthenda imodzi, naipatsa dzina lotanthauza timatumba ndi zipsera za m'pancreas. Zaka ziwiri m'mbuyo mwace, mu 1936, Guido Fanconi wa ku Zurich anali atalemba za ana owerengeka otere. Koma umboni woculuka, wosatheka kuukana, unacokera ku New York.

Njira zosokera ndi njira zoongoka

Funso lobvuta linatsala: nanga ciwalo ca m'mimba cidwalitsa bwanji mapapu? Dotolo Andersen anaganiza motere. Mwana wosagaya mafuta sangalandire vitamini A, pakuti vitaminiyo ayenda pamodzi ndi mafuta. Ndipo kunali kodziwika kuti posowa vitamini A khungu la m'kati mwa tinjira ta mpweya liuma nilisintha. Cotero, anatero iye, cifuwa ciri mwana wa nthenda ya m'mimba. Ganizo linali lanzeru, ndipo mbali yace ina inali yoona, popeza ana amenewa asowadi vitaminiyo. Koma anawamwetsa vitamini A wambiri, ndipo cifuwa sicinaleke. Munthu amene anaona zimene ena onse sanazione anasokera pano, ndipo anacedwa kulisiya ganizo lace.

Mu 1942 anakonza njira yodziwira nthendayi mwana akali moyo. Anali kulowetsa kapaipi ka mphira kupitirira cifu kufikira poyambira matumbo, nakoka madzi a pamenepo, nayesa ngati ali ndi mphamvu yogaya. Inali nchito yowawa kwa khanda ndi yotopetsa kwa anamwino, koma inathandiza kupatula ana awa kwa ana a nthoci aja.

Ku Boston, Sidney Farber anayang'ana mitembo yofanana naona cina. Iye anati pancreas siye mwini mlandu, koma mmodzi wa ozunzika. Bvuto liri m'mamina ndi makhololo a thupi lonse, amene ali olimba ndi omata koposa muyeso, natseka kanjira kali konse kamene adzeramo, kaya nka m'mimba kaya nka m'mapapu. Pofika 1945 anali ataipatsa dzina lina, mucoviscidosis, ndiko kunena kumata kwa mamina. Dzina limeneli ndilo ligwiritsidwa nchito ku France ndi ku Jeremani kufikira lero, ndipo kunena zoona lilongosola nthendayi bwino koposa dzina linzace.

Mu 1946 Dotolo Andersen ndi mnzace Richard Hodges anawerenga mabanja a ana odwala, naona m'mene nthendayi iyendera. Mwana atenga malangizo a thupi lace pawiri, kwa atate ndi kwa amai. Akatenga olakwika mbali imodzi yokha, akhala wa moyo wabwino, osadziwa kanthu za cimene wanyamula. Adwala yekhayo amene watenga olakwika mbali zonse ziwiri. Cotero kwa mwamuna ndi mkazi onyamula onse awiri, pa mimba iri yonse pali mwai umodzi mwa inai wakuti mwana abadwe wodwala. Ndipo popeza maerewo agwa mwatsopano pa mimba iri yonse, banja lina likhala ndi odwala atatu, lina osakhala naye ndi mmodzi yemwe. Pa mlandu wotere palibe amene angaloze cala banja la mkazi kapena la mwamuna lokha. Pakati pa anthu ocokera kumpoto kwa Ulaya, pafupi-fupi munthu mmodzi mwa 25 ali wonyamula, ndipo mwana mmodzi mwa 2,500 kapena 3,000 abadwa nayo.

M'zaka zomwezo penicillin anafika m'zipatala. Pa Babies Hospital anayamba kuwabaya anawo ndi kuwapumitsa mankhwalawo monga nthunzi, kulimbana ndi kacirombo kochedwa Staphylococcus aureus, kamene kanali kupezeka m'makhololo a ambiri a iwo. Sanacire, koma ena amene akadafa ali makanda anafika poyenda ndi polankhula. Pa mbiri ino cinthu cimeneci ncacikuru, pakuti cizindikiro cotsatira cinaoneka mwa ana amoyo.

Dzuwa la August 1948

Ku maiko a kumpoto mwezi wa August uli m'nyengo ya kutentha. Kumapeto kwa August 1948 mzinda wa New York unapsa. Kwa masiku atatu otsatizana kutentha kunafika madigiri 100 pa muyeso wa Fahrenheit, kapena kupitirirapo. Pa Babies Hospital anagoneka ana 10 olefuka ndi kutentha, maso olowa, matupi ouma. Asanu mwa iwo anali a cystic fibrosis. Nthenda yogwira mwana mmodzi mwa zikwi siingapereke theka la odwala popanda cifukwa. Walter Kessler ndi Dotolo Andersen analemba zimenezi mu 1951, koma cifukwaco sanacipeze.

Amene anacilondola anali dotolo wa ana wa pa cipatala comweco, Paul di Sant'Agnese, amene anaphunzira udotolo ku Rome asanasamukire ku Amereka. Magazi a ana olefukawo anali osowa mcere. Poyamba munthu akadakaikira impso, pakuti ndizo zisunga kapena kutaya mcere wa m'thupi. Koma impso zao zinali kugwira nchito bwino, mkodzo unali ndi mcere wocepa. Ngati mcere sucoka ndi mkodzo, ucokera kuti? Panatsala khungu.

Munthu ali yense wogwira nchito pansi pa mgodi adziwa mizere yoyera imene itsala pa malaya thukuta likauma. Thukuta la munthu ali yense liri ndi mcere. Koma thupi labwino siliutaya mwacisawawa: thukuta lipangidwa pansi pa khungu liri ndi mcere wambiri, ndipo pokwera ndi kanjira kace kunka kunja, mcere woculuka ubwezedwa m'thupi. Ndiponso munthu akazolowera malo otentha, thupi lace liphunzira kubweza woculukirapo, kotero kuti wakale pa nchito ataya mcere wocepa koposa wobwera kumene.

Pamodzi ndi Robert Darling, George Perera ndi Ethel Shea, di Sant'Agnese anaika ana m'cipinda cofunda, natapa thukuta lao, nalipima. Mafunso anali awiri: kodi anawa atuluka thukuta lambiri koposa anzao, kapena thukuta lao ndilo losiyana? Kuculuka kwace kunali cimodzi-modzi. Koma mcere wace, mwa odwala 43 oyerekezedwa ndi anthu ena 50, unali woculuka kawiri kufikira kanai. Ngakhale atawacepetsera mcere m'cakudya, thukuta lao silinaphunzire kusunga. Nkhaniyi inasindikizidwa mu 1953.

Apa maganizo onse akale anagwedezeka. M'tinjira ta thukuta mulibe mamina omata, ndipo pa galasi lokuza tioneka tabwino. Vitamini A alibe nato kanthu. Pancreas ali kutali. Cotero nthendayi inali yozama koposa m'mene Andersen kapena Farber anaganizira, ndipo inali ndi cocita ndi kayendedwe ka mcere. Azimai a ku midzi ya ku Switzerland anapezeka kuti sananame.

Phindu lace kwa mwana wa cifuwa cobwera-bwera linaoneka msanga. Pofika 1955 di Sant'Agnese anali atapeza ana amene m'mimba mwao munali bwino, ogaya cakudya monga anzao, koma odwala-dwala cibayo, ndipo thukuta lao linali la mcere. Kapaipi ka mphira kaja kakadawapereka kuti alibe kanthu. Lero kudziwika kuti odwala 10 kapena 15 mwa 100 ali onse ali otere. Dzina lakale lochula pancreas linafupikitsidwa, ndipo dotolo anaphunzira kuti poona mwana wa cibayo cosatha ayenera kupima thukuta ngakhale mimba iri yabwino.

Kutapa thukuta la khanda

Kulipeza thukutalo ndiko kunali kobvuta. Poyamba anali kuika mwana m'thumba la pulasitiki lomangidwa pakhosi, namfunditsa mabulangete kufikira atanyowa. Njira imeneyi inali yoopsa kwa mwana amene nthenda yace yeni-yeni iri kutaya mcere pa kutentha, ndipo panali ana amene anafa nayo. Ku Boston, mu 1956, Harry Shwachman anakonza mbale yokhala ndi mankhwala osintha mtundu akakomana ndi mcere; mwana anali kuikapo dzanja, ndipo dzanja la mcere wambiri linali kusiya cidindo coyera. Inali njira yofulumira, koma yosanena kuculuka kwace.

Njira yokhalitsa inacokera ku Johns Hopkins mu 1959, kwa Lewis Gibson ndi Robert Cooke. Anapaka mankhwala ochedwa pilocarpine pa kamalo kakang'ono ka pa mkono, nawalowetsa pa khungu ndi mphamvu yocepa ya magetsi kwa mphindi zowerengeka. Kamalo kokhako kanatuluka thukuta, thupi lonse liri lozizira. Thukutalo analitapa ndi kapepala kwa mphindi 30, nalipima. Ndi kusintha pang'ono kwa zipangizo, muyeso umenewu ndiwo ugwirabe nchito. Mcere upimidwa ndi mbali yace yochedwa chloride: ikafika 60 pa muyeso wa madotolo kapena kupitirira, nthenda iripo, ikakhala pansi pa 30, kawiri-kawiri palibe.

Podziwa ana msanga, kunatheka kuyamba msanga. Ku Cleveland, kuyambira 1957, LeRoy Matthews anayamba kusamala anawo asanayambe kudwala kwambiri: kuwagoneka mutu kunsi ndi kuwagogoda pa cifuwa ndi pa msana tsiku ndi tsiku kuti makhololo atuluke, kupha tizirombo msanga, ndi kuwapatsa pa cakudya ciri conse mankhwala ogaya ocokera ku pancreas wa nkhumba. Ana ace anakhala moyo zaka zambiri koposa a kwina, kotero kuti anzace anayamba akaika ziwerengero zace asanazibvomere. Dotolo Andersen anaona ciyambi cokha ca zimenezi. Anamwalira pa 3 March 1963 ndi khansa ya m'mapapu.

Khomo la mcere

Panapita zaka 30 kucokera 1953 pasanapezeke cimene cimanga mcere wa pa khungu ndi mafinya a m'mapapu. Mmodzi wa amene anacipeza anali wodwala iye mwini. Paul Quinton anakula ndi cifuwa cosatha cimene madotolo sanacidziwe. Ali mnyamata wa pa koleji anawerenga mabuku a za mapapu, nadzizindikira yekha, ndipo muyeso wa thukuta unabvomereza. Anakhala katswiri wa sayansi ku California. Anali kudulitsa tizidutswa ta khungu lace, natulutsamo tinjira ta thukuta toonda koposa tsitsi, napititsamo madzi a mcere. Mu 1983 anaonetsa kuti m'makoma a tinjirato chloride siingathe kudutsa. Khomo lace liri lotseka.

Khomolo linaoneka mu 1989. Lap-Chee Tsui ndi John Riordan a ku Hospital for Sick Children mu mzinda wa Toronto, pamodzi ndi Francis Collins wa ku Michigan, anapeza kacidutswa ka malangizo a cibadwa, kamene a sayansi akacha gene, kokhala pa chromosome ya nambala 7. Kameneka ndiko kalamula kapangidwe ka khomo la chloride, limene analicha CFTR. Khomolo limangidwa ndi timfundo 1,480 tolumikizana ngati mikanda. Mwa odwala oculuka a ku Ulaya ndi ku Amereka kamfundo kamodzi kokha, ka nambala 508, kasowa. Cifukwa ca kamodziko khomo lipindika molakwika, ndipo thupi lilitaya lisanafike pa malo ace.

Tsopano zonse zinagwirizana. Pa khungu khomo limeneli ndilo libweza mcere m'thupi. Likasowa, mcere utsala m'thukuta. M'mapapu khomo lomwelo litulutsa chloride kunka pamwamba pa tinjira ta mpweya, ndipo madzi atsata mcere. Pamenepo pali titsitsi tosaoneka ndi maso, tokupiza usana ndi usiku, tonyamula mamina pamodzi ndi pfumbi ndi tizirombo kukwera nazo ku mmero, monga lamba woyenda anyamula miyala pa mgodi. Madzi akasowa, mamina aundana monga thope louma m'paipi, titsitsi tigona pansi, lamba aima. Tizirombo timene mwana wina akadatimeza osadziwa tikhala pomwepo nitiswana. Mankhwala atipha, mwana acira, koma lamba akali ciimire, ndipo tina tifika. Ici ndico cifukwa cace cibayo cinali kubwerera.

Zipatso za kudziwa kumeneku zinacedwa, koma zinafika. Kuyambira 1979, pamene Jeanette Crossley ndi anzace ku New Zealand anapeza njira yopimira ndi kadontho ka magazi a ku citende, maiko ambiri olemera anayamba kupima makanda onse obadwa kumene. Mu 2012 anabvomereza mankhwala ochedwa ivacaftor, otsegula khomo mwa odwala owerengeka. Mu 2019 anabvomereza Trikafta, amene aongola khomo lopindika lija, nathandiza odwala pafupi-fupi 9 mwa 10 ku Amereka. Nthenda imene m'masiku a Andersen inali kupha ambiri ali makanda, tsopano mwana wobadwa nayo kumeneko ayembekezeka kupitirira zaka 50. Mtengo wa Trikafta potuluka unaposa madola 300,000 pa caka kwa munthu mmodzi.

Nanga ku Afrika?

Kwa nthawi yaitali mabuku a udotolo anaphunzitsa kuti iyi ndi nthenda ya Azungu. Ncoona kuti pakati pa anthu akuda iri yocepa kwambiri. Koma kucepa kunawerengedwa ngati kusakhalapo, ndipo dotolo wophunzitsidwa comweco sanali kupima. Komabe ku South Africa mu 1959, ndi ku Kenya mu 1962, madotolo analemba za ana a Ciafrika amene anapezeka nayo. M'zaka za m'ma 1990 kunadziwika kuti odwala akuda ambiri a ku South Africa alibe colakwika ca nambala 508 cija, koma ali ndi cina, cochedwa 3120+1G>A. Cotero muyeso wa magazi wopangidwira zolakwika za ku Ulaya zokha ungathe kuwaphonya. Zosiyana za m'gene imeneyi zopezeka kufikira tsopano ziposa 2,000.

Cobvuta cina ncakuti zizindikiro zace zibvala nkhope ya matenda ofala. Mwana woonda, wa mimba yotupa, wotsokomola miyezi, kuno ayamba kuganiziridwa cifuwa cacikuru, kusowa cakudya kapena HIV, ndipo kawiri-kawiri kuganiza kumeneko nkolondola. Koma wa cystic fibrosis abisala pakati pao monga momwe anabisalira pakati pa ana a nthoci ku New York. Amwa mankhwala a cifuwa cacikuru miyezi 6, nabwerako akali kutsokomola. South Africa inayamba kaundula wa odwala nthendayi mu 2018, ndipo kaundulayo anaonetsa kuti ana akuda apezeka ali oonda koposa anzao. M'maiko ambiri a kum'mwera kwa Sahara zipangizo zopimira thukuta zipezeka m'zipatala zowerengeka zokha.

Ndipo mankhwala atsopano aja, amene aongola khomo lopindika, sathandiza mwana amene watenga 3120+1G>A mbali zonse ziwiri, pakuti mwa iye khomolo silipangidwa konse, ndipo palibe cakuti aongole. Kwa mwana wotere cithandizo cikali cija ca masiku a Matthews: kugogoda pa cifuwa m'mawa ndi madzulo, kupha tizirombo msanga, mankhwala ogaya pa nsima iri yonse, ndi mcere woonjezera m'miyezi ya kutentha.